Chokhethemulira ndi chotchingira: kukonza mfuti ndi zida zamagetsi mosachotsa chitetezo

Zida zambiri zimene zimadula, kupala, kuboola kapena kuwombera zimakhala ndi tizigawo tiwiri timene sitigwira nawo ntchito yeniyeni ya chidacho. Koyamba ndi kamene chala chimakhudza kuti mphamvu ituluke: pa mfuti ndi chokhethemulira, pa grinder ndi pa drill ndi swichi, pa chainsaw ndi kachitsulo kotsegulira mafuta. Kachiwiri ndi chotchingira, chimene amisiri amangoti gadi, choima pakati pa thupi la munthu ndi mbali yoopsa ya chidacho. Popeza tizigawoti sitidula kanthu, timaoneka ngati tongowonjezera, ndipo chida chikayamba kuvuta ndi timene timayamba kuchotsedwa.

M'mashedi a ku Nabvutika, ku Mchini ndi ku Kapata m'tauni ya Chipata, kumene owotcherera zitsulo amapanga mafelemu a zitseko, mabagala a m'mazenera, mbaula, makaliya a njinga ndi ngolo za ng'ombe, si chachilendo kuona grinder ikulira yopanda gadi, kapena ikuyaka ndi kuzima pa khoma chifukwa swichi yake inafa kalekale. Zida zambiri zimachokera ku Lusaka pa msewu wa Great East, zina zimalowera pa Mwami, ndipo zambiri mwa izo ndi zotchipa kapena zogwiritsidwa kale ntchito. Sipeya wake sapezeka msanga, pamene kasitomala akufuna geti lake mawa. Zifukwa zimenezi n'zoona, ndipo mmisiri wochita zotere si chitsiru. Komabe chida chimene chakonzedwa kuti chiziyaka koma chosatha kuima msanga chimakhala chisanakonzedwe. Ntchito ya wokonza imaoneka pa kaimidwe ka chida, osati pa kayakidwe kake kokha.

Mmene chokhethemulira chimagwirira ntchito

Mfundo yake ndi ya diwa lotchera mbewa. Mwala wolemera umaimikidwa pa kamtengo, kamtengoko n'kukoledwa ndi kena kakang'ono kolumikizidwa ku nyambo. Mphamvu yonse ili mu mwala, ndipo kamtengo kakang'onoko kamangoisunga kufikira nthawi yake. Kakakola mopyapyala, diwa limagwa ndi mphepo yomwe. Kakakola mozama, mbewa imadya nyambo n'kupita. Mu mfuti, mphamvu imasungidwa mu sipuling'i imene imakankha kanyundo, ndipo kanyundoko kamagwidwa ndi kachitsulo kena kolowa pa kadzino kake. Chokhethemulira chimangosuntha kachitsulo kogwirako. Malo amene tizitsulo tiwirito timakhudzanapo ndi ochepa kwambiri, nthawi zambiri osakwana milimita imodzi, koma moyo wa aliyense woima pafupi umadalira pamenepo.

Mfuti zinachuluka m'dera lino m'zaka za m'ma 1800 kudzera mwa amalonda a minyanga ya njovu: Achikunda ochokera ku Zambezi cha ku Tete ndi ku Zumbo, Ayao ndi Abisa. Zinali za gogodela, zothira onga ndi chipolopolo kukamwa. Ngakhale mfuti zakale chotero zinali ndi chitetezo chake. Kanyundo kanali ndi timano tiwiri: koyamba kozama, kopumirapo, kamene chokhethemulira sichikanatha kukamasula, ndi kachiwiri kowomberera. Kunsi kunali kachitsulo kokhota kozungulira chokhethemulira, kuti kanthambi kapena udzu usachikole mlenje akamakwawa m'tchire. Mfuti zimenezi zinkakonzedwa ndi osula a m'midzi kwa mibadwo ingapo, ndipo m'chigwa cha Luangwa zilipobe. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 ndipo lili ndi malo ake ku Chipata, lakhala likulandira mfuti ndi misampha ya waya kwa alenje osiya kupha nyama mozemba, n'kuwaphunzitsa ulimi ndi kuwagula mbewu zawo. Zambiri mwa mfuti zoterozo ndi zokonzedwa kambirimbiri ndi zitsulo zongotola, ndipo ngozi yake imayambira kwa mwini wake.

Chokhethemulira chimawonongeka m'njira zitatu. Kadzino kamaperepeseka ndi zaka, m'mphepete mwake n'kukhala mozungulira, mwakuti mfuti imatha kuwomba ikangogunda pansi kapena ikamatsekedwa. Mafuta akale amasakanikirana ndi fumbi n'kuuma ngati phula, kachitsulo kogwira n'kulephera kubwerera mokwanira pamalo pake. Njira yachitatu ndi dzanja la munthu. Ena amapala kadzinoko ndi tupa kuti chokhethemulira chifewe, osadziwa kuti pa mfuti zambiri chitsulocho chinalimbitsidwa pamwamba pokha. Khungu lolimbalo likachoka pamatsala chitsulo chofewa chimene chimatha msanga, ndipo mfuti imene lero ikuoneka yabwino imadzawomba yokha patapita miyezi, popanda chizindikiro chilichonse.

Kuchepa kwa malire a cholakwa pano kunaoneka bwino ku America mu 2014, pamene kampani ya Remington inaitanitsa mfuti zake za Model 700 ndi Model Seven zopangidwa pakati pa 2006 ndi 2014. Chifukwa chimene kampaniyo inapereka chinali chakuti guluu womatira tizigawo ta chokhethemulira anachuluka pang'ono pa zina mwa mfutizo, ndipo zikanatha kuwomba popanda chala. Ngati fakitale ya makina oyezera ingaphonye chifukwa cha dontho la guluu, tupa ndi vaisi za pa shedi sizingathe ntchito imeneyi.

Lamulo la dziko la Zambia la za mfuti, Firearms Act, Chaputala 110, limafuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi laisensi, ndipo apolisi ndi amene amasunga kaundula wa mfuti zonse. Kusula, kusintha kapena kukonza mfuti si ntchito yololedwa kwa aliyense amene ali ndi zida zosulira. Mlimi, mlonda kapena mlenje wa laisensi amene waona kuti chokhethemulira chafewa, chikukakamira, kapena kuti kachitsulo kochizungulira kapindika, ali ndi zinthu zitatu zokha zoti achite: kuchotsa zipolopolo, kuleka kugwiritsa ntchito mfutiyo, ndi kuipititsa kwa wokonza wovomerezeka. Loko wa mfuti sayenera kudaliridwa, chifukwa pa mfuti zambiri amangotseka chokhethemulira osati kanyundo. N'chifukwa chake mlomo wa mfuti suloza kwa munthu ngakhale loko ali wotseka. Wowotcherera amene wabweretseredwa mfuti kuti aikonze amachita bwino kukana.

Swichi ya chida chamagetsi

Pa zida zamagetsi nkhani ndi ina, chifukwa kumeneko mmisiri wa m'komboni akhoza kukonza, ndipo akhoza kukonza bwino. Mkati mwa swichi muli tizitsulo timene timakhudzana chala chikakanikiza, ndi sipuling'i imene imatilekanitsa chala chikachoka. Pokhudzana ndi polekana pamathetheka kamoto kakang'ono, kamene pang'onopang'ono kamakumba tizitsuloto. Grinder yaikulu ya disiki ya 230 mm imadya mawati 2,000 kapena kuposa, kutanthauza maampu 9 kapena 10 pa mavoti 230, ndipo pongoyamba kuzungulira imakoka ochuluka kangapo kuposa apo. Pamwamba pake pali fumbi la chitsulo, limene fani ya mota imakokera mkati tsiku lonse, ndipo fumbi limeneli limadutsa magetsi.

Swichi imafa m'njira ziwiri. Ikhoza kukana kuyaka, kapena ikhoza kukana kuzima chifukwa tizitsulo tawotcherana kapena sipuling'i yatopa. Yokana kuyaka imafika msanga kwa wokonza popeza ntchito yaima. Yokana kuzima imakhala miyezi ikugwiritsidwabe ntchito, chonsecho ndi imene imavulaza.

Wokonza wodziwa sayambira pa swichi. Akazula pulagi, amayamba kuyeza chingwe, makamaka pamene chimalowera m'chida, chifukwa pamenepo waya amaduka mkati chikopa chake chili chathunthu. Chizindikiro chake n'chakuti chida chimayaka ndi kuzima chingwe chikagwedezeka. Kenako amaona makaboni, ngati afupika kapena sipuling'i yawo yapsa. Ziwirizi zikakhala bwino, m'pamene amaika mita pa swichi, n'kuona ngati tizitsulo ta mkati tikukhudzana akakanikiza ndi kulekana akasiya. Maswichi ambiri abwinobwino atayidwa chifukwa cha chingwe choduka.

Pa grinder yaing'ono, batani lili kutsogolo koma swichi yeniyeni ili kumbuyo, ndipo ziwirizi zimalumikizidwa ndi kandodo kapulasitiki kodutsa m'mbali mwa mota. Batani likakankhidwa kutsogolo limakola, ndipo likangodinidwa kumbuyo kwake liyenera kubwerera lokha mwamsanga. Likamabwerera mwaulesi, kawirikawiri ndi fumbi lodzaza mu kanjira ka kandodoko, kapena kandodoko kapindika ndi kutentha. Fumbi limachotsedwa ndi mpweya kapena kaburashi kouma. Girizi ndi oilo sizithiridwa mu swichi, chifukwa zimagwira fumbi n'kusanduka phala lodutsa magetsi. Tizitsulo topsa tikapalidwa ndi sandipepa timagwira ntchito masiku ochepa, kenako n'kuwotcherana. Choyenera ndi kuika swichi ina ya maampu ofanana kapena oposa olembedwa pa yakaleyo. Swichi ya drill, imene imasintha liwiro malinga ndi kukanikiza kwa chala, ili ndi tizipangizo tamagetsi mkati ndipo siitsegulidwa, imangosinthidwa yonse. Potseka chida, waya aliyense abwerere mu kanjira kake, chifukwa zida zambiri za thupi lapulasitiki zilibe waya wa ethi. Zimadalira kutchingira kuwiri, kumene chizindikiro chake ndi kabokosi mkati mwa kabokosi kena pa chikwangwani cha chidacho, ndipo waya mmodzi wopanidwa ndi sikuluwu amathetsa chitetezo chonsecho.

Kuika dairekiti, ndiko kulumikiza mawaya modumpha swichi, kumatenga mphindi zisanu ndipo sikufuna sipeya. Kuipa kwake kumaoneka disiki ikapanidwa m'chitsulo kapena ikakola malaya. Munthu amakhala atagwira chida chokalipa ndi manja awiri, pozimitsira pali pa khoma mamita atatu kuchokera pamene waima, ndipo amadikira kuti mnzake amve kukuwa kwake pakati pa phokoso. Kumene mawaya amangosomekedwa mu soketi ndi timitengo popanda pulagi, ngoziyo imawirikiza.

Kuzimazima kwa magetsi kwawonjezera vuto lina limene opanga zida zakale sanaliganizire kwambiri. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi a ku Kariba, ZESCO inkapereka magetsi kwa maola ochepa pa tsiku, ndipo amisiri ambiri a ku Chipata ankagwira ntchito nthawi iliyonse imene magetsiwo abwera, ngakhale pakati pa usiku. Magetsi akapita ntchito ili mkati, grinder imaima yokha, ndipo munthu wotopa amaiika pansi batani lili lokola. Magetsi akabwera, chidacho chimadzuka chokha, n'kuyenda pansi kapena kugwa pa benchi, nthawi zina ana a m'komboni akusewera pomwepo. Zida zina zatsopano zili ndi kachipangizo koletsa kuyaka kotere mpaka batani litazimitsidwa kaye, ndipo zina zili ndi swichi yaitali kunsi kwa chogwirira imene imazima dzanja likangomasuka. Wogula akakhala ndi mwayi wosankha, zimenezi n'zofunika ndalama yowonjezerayo. Pa zida zina zonse lamulo la pa shedi liyenera kukhala lakuti magetsi akapita, batani lizimitsidwe ndipo pulagi izulidwe asanachite china chilichonse.

Gadi ya grinder

Palibe chida china m'mashedi amenewa chimene gadi yake imachotsedwa kawirikawiri kuposa grinder, ndipo manambala ake ayenera kudziwika kwa aliyense woigwira. Disiki yodulira ndi timiyala tolimba tomatidwa ndi utomoni wa m'fakitale, tolimbikitsidwa ndi ukonde wa ulusi wagalasi. Yambiri imapangidwa kuti m'mphepete mwake musathamange kuposa mamita 80 pa sekondi, amene ndi makilomita 288 pa ola. Chifukwa cha malire amenewa, disiki ya 115 mm imalembedwa kuti isapitirire maulendo 13,300 pa mphindi, ya 180 mm maulendo 8,500, ndipo ya 230 mm pafupifupi 6,600. Grinder yaing'ono imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi.

Msampha wake ndi wakuti bowo la pakati ndi lofanana pa madisiki onsewa, mamilimita 22 ndi pang'ono. Disiki yaikulu imalowa bwinobwino pa grinder yaing'ono, ndipo choletsa chokha ndi gadi. Ikachotsedwa, disiki ya 230 mm imazungulira maulendo 11,000 m'malo mwa 6,600, m'mphepete mwake n'kuthamanga mamita oposa 130 pa sekondi. Mphamvu yoing'amba sikula mofanana ndi liwiro, imakula mwa liwiro kuchulukitsa ndi liwiro lomwelo, choncho imafika pafupifupi katatu pa imene disikiyo inapangidwira. Ikasweka, zidutswa zake zimatuluka molunjika ndi kazunguliridwe kake, ndipo nkhope, khosi ndi ntchafu za woigwira zili mu mzere womwewo. Mchitidwe wosunga madisiki aakulu otha kuti akamalizidwe pa grinder yaing'ono umachokera pa kusunga ndalama, koma ndi umene umachotsetsa magadi ambiri, ndipo gadi ikachoka kamodzi siibwerera.

Gadi imakuta theka la disiki, ndipo theka limenelo liyenera kukhala mbali ya munthu. Imagwidwa ndi kolala yozungulira khosi la grinder, yomangidwa ndi sikuluwu kapena kachogwirira, ndipo ili ndi kadzino koyenda mu kangalande kuti isavuke. Ikhoza kuzunguliridwa malinga ndi ntchito, ndipo ambiri amene amati gadi imatchinga maso sanayesepo kuisuntha. Yomangidwa bwino siyenda ikakankhidwa ndi dzanja. Sikuluwu yake ikatha mano iyenera kusinthidwa, osati kumangidwa ndi waya. Gadi yong'aluka, kapena imene inalandirapo kale disiki yosweka, yatha ntchito. Yopindidwa kuchokera ku lata imangotchinga zothetheka, ndipo chidutswa cha disiki chimaiboola kapena kuuluka nayo pamodzi.

Pali tinthu tina ta pa disiki timene timanyozedwa. Nati yomangira ili ndi mbali ziwiri: kachitunda kake kamaloza mkati pa disiki yokhuthala yopalira, ndipo kamaloza kunja pa disiki yopyapyala yodulira, apo ayi disikiyo imakhala yogwedera. Imamangidwa ndi sipanala yake ya timano tiwiri. Kuigogoda ndi tchizulo ndi hamala kumapinda shafuti ndi kung'alula disiki pakati pomwe. Pa kamphete kachitsulo ka pakati pamadindidwa tsiku limene disiki imathera mphamvu, kawirikawiri zaka zitatu kuchokera pamene inapangidwa, chifukwa utomoni umafooka ndi chinyezi ndi kutentha. Disiki yogona panja nyengo ya dzinja siyenera kukhulupiriridwa. Yodulira, ya mamilimita 1 mpaka 3, siipalira cham'mbali. Yatsopano imayamba yazungulitsidwa yokha kwa theka la mphindi, italozetsedwa kumene kulibe munthu. Ndipo mpeni wa sowo wa mano suikidwa pa grinder zivute zitani: mano amakola thabwa, chidacho n'kudumphira kwa mwini wake asanaphethire, ndipo palibe gadi ya grinder imene inapangidwira zimenezo. Magalasi akuda a dzuwa, amene anyamata ambiri amavala pa ntchitoyi, amasweka ndi kachidutswa kakang'ono. Ofunika ndi magalasi oyera olimba otseka m'mbali.

Pa mwala wonolera wa pa benchi, kachitsulo kotsamirapo kaikidwe pa mpata wosaposa mamilimita 3 kuchokera pa mwalawo, ndipo kasunthidwe pamene mwala ukutha. Mpata ukakula, tchizulo imalowa pakati n'kukoka chala kapena kuswa mwala.

Masowo a matabwa

Sowo yamagetsi ya pamanja ili ndi gadi ya kunsi imene imabwerera m'mbuyo ikakhudza thabwa, n'kutseka yokha ndi sipuling'i ikatuluka. Utuchi wosakanikirana ndi utomoni wa paini umaikakamiza, ndipo akalipentala ena amaipana ndi msomali kapena kuimanga ndi waya kuti ikhale yotsegula. Mpeni umapitiriza kuzungulira masekondi angapo chala chitachoka, ndipo sowo yotere ikaikidwa pansi imathamangira m'mbuyo, kumene kuli phazi ndi chingwe. Kukonza kwake n'kosavuta: kuzula pulagi, kuchotsa mpeni, kutsuka pozungulira gadi, ndi kusintha sipuling'i ngati yatambasuka. Gadi yabwino imatseka ndi kaphokoso ikangosiyidwa, sowo ili chagada kapena chafufumimba. Mpeni utsitsidwe mongokwanira kuti nsonga za mano zitulukire kunsi kwa thabwa.

Masowo a pa tebulo ambiri m'makomboni ndi opangidwa pamalo pomwepo: mota, lamba, shafuti ndi mpeni wotulukira pa thabwa. Chimene chimasowa pa iwo ndi kachitsulo kopyapyala koima kumbuyo kwa mpeni, kotsata kukhota kwake. Mlombwa kapena paini wosauma bwino amatseka mpata umene wachekedwa, n'kupana mano akumbuyo amene akukwera, ndipo thabwa lonse limaponyedwa m'mimba mwa wocheka. Kachitsuloko kamasunga mpatawo. Kayenera kukhuthala kuposa thupi la mpeni koma kuchepera pa mpata wa mano, kulunjika ndendende ndi mpeni, ndi kusatalikira mano kuposa mamilimita 8. Wowotcherera aliyense wa ku Nabvutika akhoza kukapanga pa ola limodzi. Ndodo yokankhira thabwa, yotalika masentimita 45, imachokera pa zotsala za matabwa ndipo sigulidwa.

Chainsaw

Kampani ya Husqvarna ya ku Sweden inayamba mu 1689 ngati fakitale ya mfuti, n'kudzayamba kupanga chainsaw mu 1959, ndipo nzeru ya chokhethemulira chotetezedwa imapezekanso pa chida chimenechi. Kachitsulo ka mafuta sikadinika mpaka chikhatho chitakanikiza kaloko ka pamwamba pa chogwirira, kuti nthambi isatsegule mafuta munthu akuyenda ndi injini yolira. Kumata kalokoko ndi tepi kapena kukamanga ndi mphira n'chimodzimodzi kuchotsa kachitsulo kozungulira chokhethemulira cha mfuti.

Chotchingira cha kutsogolo kwa dzanja lamanzere ndi chogwirira cha buleki ya tcheni, imene inayamba kuikidwa pa zida zimenezi m'zaka za m'ma 1970. Tcheni chimathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi, ndipo nsonga ya pamwamba ya bala ikakhudza mtengo, bala yonse imadumphira kunkhope. Pamenepo dzanja limagunda chotchingiracho, lamba wachitsulo n'kumanga dilamu ya kilatchi, tcheni n'kuima m'kanthawi kochepa kuposa kamene munthu angaganizire zosiya mafuta. Lamba ameneyu amadzaza utuchi wa oilo ndipo amapyapyala ndi zaka. Amafuna kutsukidwa kawirikawiri, ndipo amayesedwa m'mawa uliwonse mwa kutsegula mafuta n'kukankha chotchingira ndi msana wa dzanja. Injini ikamalira yokha tcheni sichiyenera kuyenda. Chikamayenda, sikuluwu ya aidulo yakwera kapena masipuling'i a kilatchi atopa. Kunsi kuli kachitsulo kakang'ono kogwira tcheni chikaduka, ndipo kakathyoka ambiri sakasintha chifukwa sadziwa ntchito yake.

Malamba a chigayo

Pa chigayo, pa makina opukusira chimanga ndi ofinyira mafuta a mpendadzuwa, choopsa ndi lamba ndi mapule. Gadi yake imachotsedwa posintha lamba, n'kuiimika pa khoma, ndipo imakhala pomwepo mpaka dzimbiri. Ovulala pano kawirikawiri sakhala mwini makina. Amakhala mayi wowerama kuti awole ufa, chitenje kapena duku n'kukodwa, kapenanso mwana amene wabwera naye. Gadi ya sefa yolimba pa felemu, yotseguka ndi mahinji m'malo mwa mabauti asanu ndi limodzi, imabwezeretsedwa mosavuta, ndipo n'chifukwa chake imakhalitsa pamalo pake. Pozimitsira pakhale poonekera ndi pofikika kwa aliyense, osati kuseri kwa mota.

Kuyesa ndi udindo

Chida chokonzedwa chimayesedwa chisanaperekedwe. Pulagi ili yozula, batani likanikizidwe ndi kusiyidwa kangapo, lizibwerera lokha nthawi zonse. Gadi ikankhidwe ndi dzanja, disiki kapena mpeni uzungulitsidwe kuona ngati sukukhudza pena. Kenako chiyatsidwe chopanda katundu, chizimitsidwe pa swichi yake, ndipo wokonza aone ngati chaima m'nthawi yoyenera. Wokonza amene walandira grinder yopanda gadi ali ndi udindo wouza mwini wake, ngakhale sanabwere ndi dandaulo limenelo.

Lamulo la mafakitale, Factories Act ya 1966, Chaputala 441, limafuna kuti mbali zoopsa za makina zitchingidwe, ndipo Occupational Health and Safety Act ya 2010 inaika pa wolemba ntchito udindo wopereka zida zosaopsa. Workers' Compensation Fund Control Board imalipira ovulala pa ntchito, koma mashedi ambiri a m'komboni sanalembetse, ndipo wovulala amangothera pa chipatala chachikulu cha Chipata, ndalama zonse n'kuchoka m'thumba mwake ndi mwa abale. Ophunzira a pa Chipata Trades Training Institute amaphunzira za chitetezo m'kalasi, pamene amisiri ochuluka amaphunzirira pa shedi, poonera ambuye awo kapena abwana awo. Mnyamata amene wayamba ntchito pa grinder yopanda gadi amakula akudziwa kuti grinder imakhala choncho, ndipo adzaphunzitsa wina zomwezo. Amene amapatsidwa chida choipitsitsa pa shedi amakhalanso iye, chifukwa chabwino chimakhala m'manja mwa mwini.

Sipeya akasowa, chida chiyenera kudikira. Chingwe chake chichotsedwe kuti wina asachitenge mosadziwa, ndipo chilembedwe vuto lake. Grinder imene yapsa mota isatayidwe yathunthu: gadi, swichi, kandodo kake, nati ndi chogwirira cha m'mbali zichotsedwe n'kusungidwa m'bokosi, chifukwa zida zotchipa zambiri zimafanana miyezo ngakhale maina ali osiyana, ndipo tizigawo timeneti ndi timene sitipezeka m'masitolo a zitsulo a m'tauni pa tsiku limene tafunika.